Ndalama za ku Joni zisatileketse kusunga

Minda yambiri ya chimanga cha masamba achikasu imene ikuoneka nyengo ino kuzungulira Mzuzu, kuyambira ku Zolozolo mpaka ku Choma, si ya mabanja osowa pogwira ayi. Yambiri ndi ya mabanja amene ali ndi bambo kapena mwana ku Joni, amene amalandira ndalama pafupifupi mwezi uliwonse kudzera ku Mukuru kapena pa foni, koma feteleza wobereketsa sanamuthire pa nthawi yake chifukwa banja lonse linkadikira uthenga wochokera ku South Africa.

Cholakwika chake n'chimodzi, ndipo chikundidetsa nkhawa kwambiri: banja likangoyamba kulandira ndalama zakunja limasiya kusunga. Mayi amene ankagula masheya ku banki mkhonde sabata iliyonse amatulukamo, poganiza kuti wapaulendoyo ndiye banki yawo. Ndalama ikafika amaitapa yonse tsiku lomwelo, ndipo dzuwa lisanalowe yathera ku ngongole ya kugolosale, ndiwo ndi achibale amene amva kuti zafika. Komatu wotumizayo nthawi zambiri alibe ntchito yokhazikika. Amagwira maganyu, amalipira lendi m'marandi, ndipo ngati ali ku zomangamanga, makampani ambiri kumeneko amatseka pakati pa Disembala mpaka kumayambiriro a Januwale, nyengo yomweyo imene munda kuno ukufuna feteleza ndi aganyu opalira. Chimanga chikapitirira nthawi yake, Urea wothira mochedwa sabweza zimene zatayika, ndipo banja limathamangira katapila, kenako n'kugulitsa zokolola zochepazo pa mtengo wolira kuti libweze ngongole.

Mayi wina wa ku Luwinga anandiimitsa m'munda mwake n'kundiuza kuti, "Alangizi, bambo a kunyumba anati atumiza Khrisimasi isanafike, ndiye ndikanasungiranji?" Ndalamayo inafika chimanga chitayamba kale kumasula. Pakhonde pawo panali matumba a simenti ogula mwezi wa Seputembala, ena atauma gwa chifukwa cha chinyezi, pamene thumba la feteleza panalibe ngakhale limodzi.

Kunena zoona, chizolowezi chodikira wapaulendo chatikhalitsa kokwanira. Nthawi ya Wenela ndi TEBA, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa, gawo lina la malipiro a anthu a m'migodi linkasungidwa kuti adzalandire atabwerera kumudzi, choncho panali wowasungira. Masiku ano palibe amene akukusungirani. Kodi taiwala kale chaka cha 2020, pamene Covid-19 inaimitsa ntchito ku South Africa ndipo mabasi ankatsitsa abale athu pa chipata cha Mwanza, ambiri ali chimanjamanja? Ena amanena kuti kusunga kulibe phindu chifukwa kwacha imagwa, ndipo n'zoona kuti mu Novembala 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Randi imodzi inayamba kubweretsa makwacha ochuluka, anthu n'kumadziona ngati alemera, koma mitengo ya feteleza, sopo ndi mayendedwe inakweranso. Kugwa kwa kwacha kukutiuza kuti tisakwirire ndalama pansi pa matiresi, osati kuti tiidye yonse.

Chochita chake si chovuta. Gwirizanani ndi wotumizayo kuti pa ndalama iliyonse gawo lakutilakuti ndi la kumunda, ndipo gawo limenelo lipatulidwe musanapite kwa ejenti. Bwererani ku banki mkhonde kapena tsekulani buku ku SACCO (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama), ndipo ndalamayo ikakwana thumba gulani feteleza m'chilimwe, mitengo isanayambe kukwera ndi mvula. Matumbawo muwasanjike pa matabwa kutali ndi khoma, poti chinyezi cha Mzuzu mukuchidziwa. Yotsala mugule nkhuku kapena mbuzi zoti mungagulitse mwezi umene ku Joni sikunabwere kanthu.