Zilembo zazikulu m'Chingerezi: pomwe Chipwitikizi chimatisokoneza

Abale anga a ku Ulongué, Tsangano ndi Zóbuè, inu amene mumalemba makalata a Chingerezi ofunsira ntchito ku migodi ya ku Moatize kapena ku Malawi, chenjerani ndi zilembo zazikulu. Ife tinaphunzira Chipwitikizi, ndiye dzanja limangotsata zomwe linazolowera.

Pa Chipwitikizi timalemba segunda-feira, português, moçambicano ndi zilembo zazing'ono. Chingerezi sichilola zimenezo. Masiku a sabata, mayina a zilankhulo ndi mitundu ya anthu zonse zimayamba ndi chachikulu: Monday, Portuguese, Mozambican. Ngakhale mawuwo ali pakati pa chiganizo, lamulo ndi lomwelo. Miyezi nayonso, January mpaka December. Koma nyengo ayi, summer ndi winter zimakhala zazing'ono.

Chomwe chimandipweteka mutu ndikachiona ndi "i" wamng'ono. Mukamanena za inu mwini, ndi I wamkulu nthawi zonse, pomwe "you" ndi wamng'ono, ngakhale mukulembera bwana.

Mtsinje wathu ndi Zambezi River, zilembo ziwiri zazikulu. Koma mukangoti "the river" osatchula dzina, r akhale wamng'ono.