Chilakolako chidulireni pomwe chikuyambira

Ngati mukulimbana ndi chilakolako, kaya cha mowa, cha juga kapena chokanda foni usiku wonse, Ahindu ali ndi njira yomwe mungabwereke ngakhale muli a chipembedzo china. Mu Bhagavad Gita, limodzi mwa mabuku awo opatulika, mutu 2 ndime 62 ndi 63, mulungu wawo Krishna akufotokozera msilikali Arjuna momwe munthu amagwera. Amayamba n'kulingalira chinthu mobwerezabwereza, mtima n'kukakamira pomwepo, chilakolako n'kubadwa. Chikapanda kukhutitsidwa mkwiyo umabuka, nzeru n'kusokonekera. Posavuta kudula ndi poyambirirapo, lingalirolo likangofika kumene.

Ndime 58 ikufanizira munthu wokhazikika ndi fulu yemwe amalowetsa miyendo m'chigoba chake. Inunso chotsani maso ndi makutu pa chomwe chimakukokani. Sinthani njira yodutsa pa bala, foni igone m'chipinda china. Koma ndime yotsatira ikuchenjeza kuti wodzimana amatsalabe ndi kukoma kwa chinthucho mumtima, ndipo apa m'pomwe ambiri amakhumudwira, poganiza kuti kusiya n'kuthana nacho.

N'chifukwa chake maganizo ayeneranso kuphunzitsidwa. Arjuna mwiniwake anadandaula m'mutu 6 kuti maganizo sagwirika, Krishna osatsutsa, n'kumuuza kuti amagonja ndi kuyeserera kosalekeza. Ahindu ambiri amalawirira m'mamawa, kukhala phee atanyamula mkanda wa mikanda 108, n'kumabwereza dzina la Mulungu pa mkanda uliwonse. Inu mukhoza kubwereza pemphero lanu lalifupi. Maganizo adzathawirabe ku ngongole ndi ku ndiwo zamadzulo. Abwezeni mwakachetechete, osadzikalipira, n'kupitiriza pomwe munalekezera.