Momwe mungazindikirire mtundu wa ndakatulo ya Chingerezi pokonzekera MSCE

Mukapatsidwa ndakatulo, tanthauzo lidikire kaye. Yambani ndi kuwerengera mizere. Ikakwana 14, kawirikawiri mwakumana ndi sonnet, ndipo chotsala n'kudziwa kuti ndi ya mtundu uti. Ya Shakespeare imakhala ndi magulu atatu a mizere inayiinayi, kenako mizere iwiri yotsekera. Ya Petrarch wa ku Italy imagawika pawiri: mizere 8 yoyala nkhani ndi 6 yoiyankha. Pamene ganizo likukhotera pamatchedwa volta.

Kenako pezani rhyme scheme, ndiko kuti dongosolo la momwe mawu otsiriza a mizere amamvekera mofanana. Apa mpamene ophunzira anga a Fomu 4 ankataya malikisi, nkhani ya ndakatuloyo ataimva bwinobwino. Chichewa timachilemba momwe timachitchulira, choncho tinazolowera kukhulupirira zilembo. Chingerezi sichitero. Mawu akuti "cough" ndi "though" amathera mofanana papepala koma pakamwa ndi osiyana, pomwe "blue" ndi "through" amagwirizana ngakhale kalembedwe kake n'kosiyana. Mwana amangoyang'ana kumapeto kwa mzere n'kulemba A pomwe pafunika B, mtundu wa ndakatulo n'kuuphonyeratu. Inu tchulani mawu otsiriza a mzere uliwonse. M'chipinda cha mayeso tchulani chamumtima. Woyamba upatseni A, wina womveka ngati iwo A yemweyo, wachilendo B, mpaka pansi, ndi pensulo m'mbali mwa ndakatulomo. Mukapeza ABAB CDCD EFEF GG ndi ya Shakespeare. Ikayamba ndi ABBAABBA ndi ya Petrarch. Mawu amene simukudziwa katchulidwe kake funsani aphunzitsi, kapena amvereni pa dikishonale ya pafoni. Bandulo yaing'ono ikwanira.

Chenjerani ndi timabuku tafotokope togulitsidwa m'misika. N'totsika mtengo, inde, koma tina tinasokoneza simile ndi metaphor, ndipo woloweza amaloweza cholakwikacho. Ogulitsa likasa pa WhatsApp ndiye musawapatse ndi tambala yomwe. Ndalamayo sonkhani anthu anayi mupeze mapepala a mayeso akale a MANEB.

Chachitatu, funsani kuti akuyankhula ndani. Woyankhula m'ndakatulo ndi persona, si mlakatuli ayi. Mlakatuli wamwamuna atha kuyankhula ngati mayi wamasiye. Tone ndi momwe woyankhulayo akuionera nkhani, mood ndi momwe inu owerenga mukumvera mumtima. Poyankha, tchulani mzere umene ukuchitira umboni.

Simile imayerekeza pogwiritsa ntchito "like" kapena "as", metaphor imangoti ichi ndi icho. Mphepo ikamaimba mluzu ngati munthu, imeneyo ndi personification.

Mitundu yotsalayi njosavuta. Ballad imasimba nkhani, kawirikawiri m'ndime za mizere inayi. Elegy imalira womwalira, ode imatamanda. Haiku ya ku Japan ili ndi mizere itatu ya maphatikizo 5, 7, 5. Limerick njoseketsa, mizere isanu, AABBA. Ikasowa rhyme ndi muyeso wokhazikika wa mizere, lembani free verse.