Momwe mungagwiritsire ntchito mayeso ounikira luso la kuwerenga pophunzitsa ana aang'ono

Mwana amene akuvutika kuwerenga sadziwika msanga. M'kalasi momwe ana onse amawerenga pamodzi mokweza, iye amangoyendetsa milomo n'kumatsatira mawu a anzake, ndipo mphunzitsi akhoza kutha naye chaka chathunthu akuganiza kuti zonse zili bwino. Mayeso ounikira luso la kuwerenga anakonzedwa n'cholinga chopeza mwana wotereyu madzi asanafike m'khosi. Ndi mayeso aafupi, oyesa mwana mmodzimmodzi, ndipo magawo ake ambiri amatenga mphindi imodzi yokha. Ntchito yake si kupereka malikisi oti alembedwe pa lipoti la kumapeto kwa teremu, koma kuuza mphunzitsi pamene mwana waima ndiponso chimene ayenera kumuphunzitsa mawa lake.

Chifukwa chofulumirira chinafotokozedwa bwino ndi katswiri wina wa kafukufuku wa kuwerenga, Keith Stanovich, m'chaka cha 1986. Iye anasonyeza kuti mwana amene wayamba bwino amawerenga zambiri, ndipo powerenga zambirizo amadziwa mawu ochuluka omwe amamufewetsera kuwerenga kwa mtsogolo, pamene mnzake wotsalira amayamba kulithawa buku, motero mpata wa pakati pa awiriwa umakula chaka ndi chaka. N'chifukwa chake ndi bwino kuunika ana onse katatu pa chaka, kumayambiriro, pakati ndi kumapeto, kuyambira m'kalasi yoyamba, osati okhawo amene mukuwakayikira.

Kusankha zoti muyese

Pali mayeso odziwika amene mungatengereko chitsanzo. DIBELS inakonzedwa ku University of Oregon ku America ndipo imayesa kuwerenga kwa Chingerezi. EGRA inakonzedwa ndi bungwe la RTI International m'chaka cha 2006 mothandizidwa ndi USAID ndi World Bank, ndipo inasinthidwa kuti igwire ntchito m'zilankhulo zambiri, kuphatikizapo Chichewa. ASER, yomwe bungwe la Pratham linayamba kugwiritsa ntchito ku India m'chaka cha 2005, ndi yapafupi kwambiri chifukwa imangoona ngati mwana atha kuwerenga malembo, mawu, ndime kapena nkhani yaifupi. Mayeso onsewa amasiyana m'kakonzedwe, koma amatsata makwerero amodzimodzi amene mwana amadutsamo pophunzira kuwerenga.

Khwerero loyamba silifuna pepala n'komwe. Mumatchula mawu, mwachitsanzo "mano", ndi kumufunsa mwana liwu limene akulimva kumayambiriro, kapena mumatchula "ma", "la" ndi "ya" motalikitsana kuti iye aphatikize n'kunena kuti "malaya". Kenako pamabwera maliwu a malembo, pomwe mwana amapatsidwa pepala la malembo osakanizidwa, aakulu ndi aang'ono, kuti atchule liwu la lembo lililonse. Pa EGRA pepalali limakhala ndi malembo 100, khumi pa mzere uliwonse. M'Chichewa ndi bwino kuwonjezera pepala la maphatikizo, popeza mawu athu amamangidwa ndi maphatikizo othera pa a, e, i, o kapena u, ndipo mwana amene akugwira "ka", "nkha" ndi "mphu" mosavutika ali pafupi kuwerenga chilichonse chimene angapatsidwe.

Gawo limene aphunzitsi ambiri amalidodoma ndi la mawu opeka, opanda tanthauzo, monga "nito" kapena "kabu". Funso lawo limakhala lakuti, tiwerengetserenji mwana mawu amene kulibe? Yankho ndi lakuti ana ena ochenjera amaloweza maonekedwe a mawu a m'buku lawo monga momwe amalowezera nkhope ya munthu, ndipo amaoneka ngati akuwerenga pamene akungokumbukira. Mawu opeka sangalowezedwe, choncho ndiwo amaonetsa poyera ngati mwana amathadi kulumikiza maliwu payekha.

Pomaliza mwana amawerenga kankhani kakafupi mokweza kwa mphindi imodzi ndi kuyankha mafunso ochokera pa gawo limene wawerengalo. Musaiwale kumuwerengeranso inuyo kankhani kena kuti ayankhe mafunso atangomvetsera. Philip Gough ndi William Tunmer anafotokoza m'chaka cha 1986 kuti kumvetsa zowerenga kumadalira zinthu ziwiri, kutha kutulutsa mawu kuchokera m'malembo ndi kumvetsa chilankhulocho, ndipo chimodzi chikasowa chinacho sichingathandize. Gawo lomvetserali ndilo lidzakuuzeni kuti mwa ziwirizi chasowa ndi chiti.

Tsiku loyesa

Khalani ndi mwana pamalo pomwe anzake sakumva. Ine ndinalakwitsapo zimenezi: ndinayesa ana kutsogolo kwa kalasi ena onse akumvetsera, ndipo pofika mwana wachikhumi, mzere woyamba wa malembo unali utasanduka nyimbo imene aliyense amaiimba osayang'ana n'komwe pepala. Zotsatira za tsiku limenelo ndinazitaya. Muuzeni mwanayo kuti mukufuna kuona zimene akudziwa kale kuti mumuthandize bwino, mupatseni chitsanzo chimodzi kapena ziwiri zoyeserera, ndipo malangizo anu akhale ofanana kwa mwana aliyense, chifukwa mukamunong'oneza wina yankho pomumvera chisoni, mwamubisira vuto lomwe mumafuna kulipeza.

Mukhale ndi wotchi komanso pepala lanu lofanana ndi la mwanayo. Akalakwitsa, dulani mzere pa lembo kapena mawuwo; akadzikonza yekha, muwerengereni kuti wakhoza. Akaima kwa masekondi atatu, muuzeni apite patsogolo ndipo lembani kuti walephera pamenepo. Ngati walephera mzere wonse woyamba, imitsani gawolo mwaulemu ndi kumuthokoza, popeza palibe chimene mungaphunzire pomusiya akuzunzika mphindi yathunthu. Mphindi ikakwana ikani chizindikiro pomwe wafika, ndipo chotsani zolakwa pa chiwerengero cha mawu amene wayesa. Mwana akamaliza nthawi isanakwane, chulukitsani mawu amene wakhoza ndi 60 ndi kugawa ndi masekondi amene watenga. Mwachitsanzo, ngati kankhani kali ndi mawu 40, mwana walakwitsa 4 ndipo watha m'masekondi 48, ndiye kuti 36 kuchulukitsa ndi 60 kugawa ndi 48, zomwe zikupereka mawu olondola 45 pa mphindi.

Chofunika koposa nambalayo ndi kulemba chimene mwana wanena m'malo mwa mawu oyenera. Mzere wodula umangosonyeza kuti walakwitsa, koma mukalemba pamwamba pake kuti wawerenga "dala" pomwe panalembedwa "bala", mwadziwa kuti akusokoneza b ndi d. Wowerenga "kola" m'malo mwa "khola" sakuona ntchito ya h, ndipo wowerenga "ngoma" pomwe pali "ng'oma" sanaphunzire tanthauzo la kachizindikiro kaja. Ana atatuwa akhoza kupeza nambala yofanana, koma aliyense akufunika phunziro lake.

Kuchoka pa zotsatira kupita pa chiphunzitso

Musanayang'ane mwana mmodzimmodzi, yang'anani kalasi yonse. Ngati ana oposa theka akulephera maliwu a malembo, vuto silili mwa anawo, ndipo silingathe ndi timagulu tapadera. Chimene chikufunika ndi kubwereza ndi kukonza kaphunzitsidwe ka kalasi yonse pa luso limenelo. Ichi n'chowawa kuchivomereza, koma ndi phindu lalikulu la mayeso amenewa, chifukwa amaunika mphunzitsi pamodzi ndi ophunzira ake.

Chenjeraninso ndi milingo yobwereka. Nambala zosonyeza kuti mwana wa kalasi yakutiyakuti ayenera kuwerenga mawu angati pa mphindi zimakonzedwa potengera chilankhulo chimodzi, ndipo za DIBELS ndi za Chingerezi. Mawu amodzi a Chichewa monga "sindidzakuiwalani" amanyamula zimene Chingerezi chimanena m'mawu angapo, choncho mwana wowerenga bwino Chichewa adzaoneka wochedwa mukamuyeza ndi mlingo wa chilankhulo china. Gwiritsani ntchito milingo ya chilankhulo chimene mukuyesacho, ndipo ngati mulibe, yerekezani mwanayo ndi anzake a m'kalasi komanso ndi zimene iye mwini anapeza ulendo wapita.

Mukatero, pezani khwerero lotsika kwambiri limene mwana aliyense wapunthwa, ndipo yambirani pomwepo. Amene sakumva maliwu m'mawu akufunika masewera a pakamwa, monga kuwomba m'manja pa phatikizo lililonse la dzina lake, kupeza mawu oyamba ndi liwu lofanana, ndi kuphatikiza maliwu amene inu mwawatchula padera, ndipo masewerawa amathandiza kwambiri akamalumikizidwa msanga ndi malembo enieni. Amene sakudziwa maliwu a malembo aphunzitsidwe malembo ochepa pa nthawi imodzi, kuyambira amene amapezeka kawirikawiri, ndipo aziwaphatikiza kukhala mawu tsiku lomwelo. Wosokoneza b ndi d uja musamuonetse malembo awiriwa pamodzi poyamba. Akhazikike pa limodzi, akulilemba ndi kulitchula kwa masiku angapo, kenako mubweretse linalo.

Pali mwana wina amene amawerenga molondola koma mogwiragwira, phatikizo limodzilimodzi, moti pofika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala chiyambi chake. Ameneyu safunika kubwerera ku malembo. Mupatseni tinkhani tosavuta kuti awerenge kachiwiri ndi kachitatu, inu mutamuwerengera kaye kamodzi kuti amve mmene chiganizo chimayendera. Winanso amathamanga bwinobwino koma sayankha funso ngakhale limodzi, ndipo apa m'pomwe gawo lomvetsera limagwira ntchito. Ngati walepheranso atawerengeredwa, ndiye kuti chosowa ndi mawu ndi matanthauzo ake, zomwe zimachitika kawirikawiri kwa mwana amene kwawo amalankhula chilankhulo china; akufunika kumva nkhani zambiri, kuzifotokozanso m'mawu ake ndi kufotokozeredwa mawu achilendo. Ngati anayankha bwino pomvetsera, n'kutheka kuti wazolowera kuthamangira wotchi, ndipo muzimuimitsa pa ndime iliyonse kuti anene zimene zachitika.

Ana ofanana vuto aikeni m'timagulu tating'ono, ta ana atatu mpaka asanu ngati n'kotheka, ndipo muziwapatsa mphindi 15 mpaka 30 masiku ambiri a sabata, moonjezera pa phunziro la kalasi yonse osati m'malo mwake. Timaguluti tisakhale ndi mayina oulula kuti awa ndi anzeru, awa ndi otsalira, ndipo tizisintha mwana akangodutsa khwerero lake. Musawaphunzitse mapepala a mayeso aja kuti nambala zikwere, makamaka mawu opeka, chifukwa kutero kuli ngati kuviika choyezera kutentha thupi m'madzi ozizira n'kunena kuti wodwala wachira.

Ana amene mukuwathandiza mwapaderawa musadikire mpaka pakati pa chaka kuti muwaonenso. Pakatha masabata awiri alionse, yesani luso lokhalo limene mukuphunzitsa, pogwiritsa ntchito pepala latsopano lovuta mofanana ndi loyamba, ndipo lembani zotsatira pa tchati chokhala ndi mzere wochokera pomwe mwana anayambira kukafika pomwe mukufuna adzafike. Nambala ya tsiku limodzi isakudetseni nkhawa, chifukwa mwana akhoza kukhala kuti sanagone bwino kapena wachita manyazi. Koma zotsatira zikakhala pansi pa mzerewo katatu kapena kanayi motsatizana, sinthani kanthu kamodzi, kaya kuchepetsa gulu, kuwonjezera nthawi kapena kutsika khwerero limodzi, kuti mudziwe chimene chathandiza.

Polankhula ndi makolo, pewani kunena kuti mwana wawo walephera. Auzeni zenizeni, monga kuti mwanayo akudziwa maliwu a malembo 12 ndipo mukufuna adziwe ena 8 mwezi uno, ndi kuwapempha kuti azimumvetsera akuwerenga kwa mphindi zochepa tsiku lililonse. Afunseninso ngati amamva bwino akaitanidwa ali patali kapena ngati amayandikitsa buku kumaso, pakuti vuto la makutu kapena la maso limaoneka pa mayesowa ngati vuto la kuwerenga, ndipo limafuna achipatala.

Mayeso ounikirawa sanena matenda. Nthawi zina amaloza mwana amene alibe vuto lenileni, ndipo nthawi zina amaphonya amene ali nalo, choncho zimene mukuona m'kalasi tsiku ndi tsiku muziziika pambali pa nambalazo. Komabe, mwana amene makutu ndi maso ake ali bwino, amabwera kusukulu mosajomba, ndipo walandira thandizo loyenera kwa miyezi ingapo koma tchati chake sichikukwera, atumizidwe kwa katswiri wa maphunziro a ana ofunika thandizo lapadera kuti akamuunike mozama, popeza akhoza kukhala ndi vuto lokhalitsa la kuwerenga ndi kulemba mawu lotchedwa dyslexia. Pomutumiza, perekani mapepala onse amene munalembapo zolakwa zake, tchati chija, ndi ndondomeko ya zimene munamuphunzitsa ndi masiku ake, ndipo sungani makope ena a zonsezi kuti mudzapatse mphunzitsi amene adzamulandire chaka chamawa.