Kapangidwe ka tinthu ta PLGA tonyamula mankhwala m'thupi

Popanga tinthu ting'onoting'ono tonyamula mankhwala m'thupi (nanoparticles), ofufuza ambiri amakonda PLGA (poly(lactic-co-glycolic acid)), yomwe ndi polima, kapena kuti chinthu chopangidwa ndi mamolekyu olumikizana ngati unyolo, chifukwa ikalowa m'thupi, madzi amaiphwanya pang'onopang'ono n'kusanduka lactic acid ndi glycolic acid, zomwe thupi limachotsa lokha. Njira yosavuta yopangira tinthu take ting'onoting'ono ndi ya nanoprecipitation, imene Fessi ndi anzake anaifotokoza mu 1989. Njirayi imayenerera mankhwala osasungunuka m'madzi. Mapuloteni ndi mankhwala ena osungunuka m'madzi amathawira m'madzi m'malo motsekeredwa mu tinthuto, motero amafuna njira ina yotchedwa double emulsion.

Yambani ndi kusankha polima. PLGA ya 50:50 (magawo 50 a lactic acid ndi 50 a glycolic acid) imaphwanyika msanga kuposa ya 75:25, choncho ganizirani kaye nthawi imene mukufuna kuti mankhwala azituluka. Sungunulani polimayo pamodzi ndi mankhwala mu acetone, mamiligalamu 5 mpaka 10 a polima pa mililita iliyonse, ndipo chitirani zimenezi mu fume hood (kabati yokoka mpweya woipa) popeza acetone sachedwa kuyaka. M'galasi lina konzani madzi ochuluka kawiri kuposa acetone kapena kuposerapo, okhala ndi PVA (polyvinyl alcohol) kapena poloxamer 188 woletsa tinthuto kumatana.

Apa m'pamene pagona ntchito yonse. Donthezani acetone wokhala ndi polima ndi mankhwalayo m'madziwo pa liwiro losasinthasintha, uku chotakasira cha maginito chikuzungulira. Acetone amafalikira m'madzi nthawi yomweyo, polima n'kusowa posungunukira, ndipo imadziunjika kukhala tinthu ta mananomita pafupifupi 100 mpaka 200 (milimita imodzi ili ndi mananomita miliyoni imodzi), mankhwala atatsekeredwa mkati. Madzi amachita mbuu, n'kuoneka a buluu pang'ono. Mukaona zibuma, nthawi zambiri polima yachuluka, ndipo ndi bwino kuyambanso ndi yochepa kusiyana ndi kusefa, chifukwa kusefa kumataya mankhwala amene simungawawerengere.

Pitirizani kutakasa kwa maola angapo kuti acetone auluke, kenako dikhitsani tinthuto pa centrifuge (makina ozungulira mwaliwiro) ndi kutitsuka ndi madzi oyera. Yezani kukula kwake ndi DLS, njira yoyezera pogwiritsa ntchito kuwala. PDI (nambala yosonyeza kusiyana kwa kukula kwa tinthuto) yochepera 0.2 imasonyeza kuti n'tofanana msinkhu. Musalumphe kuyeza ndi HPLC (makina olekanitsa ndi kuyeza mankhwala) kuchuluka kwa mankhwala amene alowadi, pakuti tinthu tooneka bwino tikhoza kukhala topanda kanthu. Katulukidwe ka mankhwala kayezedwe mu PBS (madzi amchere ofanana ndi a m'thupi) ya pH 7.4 pa madigiri 37 Celsius.

Posunga, thiranimo shuga wa trehalose kapena sucrose musanaumitse ndi freeze dryer (makina oumitsa zinthu zitaundana ndi kuzizira), apo ayi tinthuto timamatana osabalalikanso m'madzi. Ufawo ukhale pozizira ndi pouma, chifukwa chinyezi chimayamba kuphwanya PLGA idakali m'botolo.