Mwana akamaopa kusintha kwa nyengo, mphunzitsi atani?

Aphunzitsi ena a ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, afunsa kuti: "Mtsikana wina wa m'kalasi mwanga, wa Fomu 2, sakugona, akuti dziko likutha ndi chilala komanso anamondwe. Ndimuthandize bwanji?"

Choyamba aphunzitsi, musamutsutse. Anawa anamva zimene namondwe Idai anachita ku Chimanimani mu Malichi 2019, ndipo ena ali ndi agogo ku Blantyre ndi ku Mulanje kumene namondwe Freddy anagumula mapiri mu 2023. Chilala cha 2024 chinawafika mpaka m'mbale ya nsima. Mukhale naye pambali, anzake atatuluka, mumufunse kuti, "Chikukudetsa nkhawa kwenikweni n'chiyani?" Ndiye mudikire, ngakhale atangoti zii uku akutembenuza cholembera m'manja. Ambirife timapupuluma pomwepa, ndipo mwana amatseka pakamwa.

Kenako mufotokozereni zoona mwachidule: El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumadzetsa chilala kuno, amabwera n'kupita, pomwe kutentha kwa dziko kukukula chifukwa cha utsi wa malasha ndi mafuta, ndipo anthu akhoza kuuchepetsa.

Chachitatu, mupatseni chochita ndi manja. Kalasi yonse ifese mitengo m'timachubu, izithirira mosinthana, kuti idzabzale Loweruka loyamba la Disembala, tsiku lobzala mitengo kuno ku Zimbabwe. Makanema a ngozi pa WhatsApp aziwasiya usiku.

Pakapita milungu iwiri asakudya, asakugona kapena akujomba kusukulu, itanani makolo, mumuperekeze kwa aphunzitsi a uphungu kapena kuchipatala. Childline, bungwe lothandiza ana, imayankhanso kwaulere pa nambala 116.