Nimu ndi alovera pa chidindo cha mano: samalani nthawi yoviika

Anzanga a m'zipinda za mano kuno ku Mzuzu, makamaka ophunzira, kumene Jik amasowa ena ayamba kutsuka chidindo cha mano (chikombole chomwe timajambula m'kamwa mwa wodwala popanga mano oikirira) ndi madzi a nimu, alovera kapena viniga pofuna kupha tizilombo. Pa nkhani ya kusintha kwa chidindo, vuto lalikulu si mankhwalawo ayi, ndi madzi.

Alginate, phala lomwe timapangira chidindo, amamwa madzi. Mukamuviika nthawi yaitali, ngakhale m'madzi a nimu, amafufuma; mukamusiya poyera pa benchi amauma n'kukhwinyata. Kusinthako n'kochepa, diso silikuona, koma mano oikirira akabwera amakana kukhala ndipo wodwala amabwerera nkhama zili zilonda. Pa zopangira chidindo zina, silikoni sadandaula kwenikweni ndi kuviikidwa. Polyether ndiye amamwa madzi ngati alginate yemwe.

Chitani chonchi. Tsukani kaye malovu ndi magazi pa mpopi, mupopere mankhwala m'malo moviika, mukulunge ndi gozi yonyowa pang'ono, mutsekere m'kapulasitiki kwa mphindi 10. Kenako tsukaninso, kutumulani madzi otsala m'maenje a mano, n'kuthira pulasitala, woumbira chifaniziro cha mano, nthawi yomweyo. Viniga ndi mandimu ine sindizifuna, asidi wotsalira amaononga pamwamba pa pulasitala.

Pa chidindo chokhala ndi magazi, nimu musamudalire pa hepatitis B. Pamenepo ndi klorini wa 0.5%: Jik wa 3.5%, muyeso umodzi pa miyeso 6 ya madzi.

China, mu June ndi July madzi athu amazizira kwambiri ndipo alginate amachedwa kugwira. Musafulumire kuchotsa thireyi yonyamula alginate m'kamwa, chidindo chimapindika.